Mapazi Achikasu pa Madenga a Ndirande

Gregorio Alufazema ndamudziwa zaka makumi atatu ndi zinayi, kuyambira tsiku lomwe anatsika basi ya ku Nsanje ali ndi katoni ya mabulashi pamutu ndi nkhuku kukhwapa, n'kudzachita lendi chipinda kuseri kwa nyumba yanga ku Makata. Choncho zimene ndalemba panozi si zotola pa bawo. Pamene anachita bwino ndanena. Pamene anapusa ndanenanso, chifukwa kupusako anapusadi.

Ntchito yake ndi yolemba zikwangwani. Mukayenda mu Ndirande n'kuona golosale yolembedwa zilembo zoima njo ngati asilikali, kapena khoma la ometa lojambulidwa mitu inayi ya anthu osekerera, dziwani kuti padutsa Gregorio. Ndi munthu wosapirira mzere wokhota. Mwini shopu amatha kunena kuti, "Zili bho, mdala, muzipita," koma iye n'kufufuta zonse kuti ayambirenso chifukwa mchira wa chilembo chimodzi wagwa. Mkazi wake Mervis amati mwamunayo akanamasamala malaya ake momwe amasamalira makoma a eni, bwenzi anthu akumuyesa bwana.

Anakhala m'tsinde mwa Phiri la Ndirande zaka pafupifupi makumi atatu osalikwerapo ngakhale kamodzi. Kwawo ku Makhanga n'kwachidikha, chinthu chachitali ndi chulu, ndiye iye ankati kuphiri kumapita anthu a mitundu itatu basi: otola nkhuni, opemphera mofuula, ndi amene apolisi akuwafuna. Anamusintha maganizo ndi nesi wa ku kiliniki, amene anamumanga chopopa chija pamkono n'kumuuza kuti BP yakwera, achepetse mchere ndipo aziyenda. Sabata yomweyo, pakhonde pomwe amagwirira ntchito panafika mayi wina wovala nsapato zazikulu ngati za kumgodi.

"Ndinu bambo Alufazema olemba zikwangwani aja? Ine ndine Doreen, ndimakhala ku Kanjedza. Ndine tcheya wa kalabu ya Mapazi Olimba."

"Ya mpira?"

"Yokwera mapiri."

"Mukakwera mumakatengako chiyani?"

"Palibe. Timatsika."

Gregorio anamuyang'anitsitsa mayiyo, koma sankaseka ndipo sankaoneka wodwala.

Doreen anafotokoza kuti kalabuyo ndi ya anthu ngati makumi anayi, aphunzitsi, manesi, matelala, alonda, ndi ena ongokonda kuvutika. Anagwirizana zolumikiza mapiri a mzinda uno ndi njira imodzi ya wapansi, kuyambira ku Michiru kumbali ya Chilomoni, kukwera Ndirande, kutsikira ku Machinjiri, kudutsa Mpingwe ndi Bangwe, n'kukathera pa Soche kumtunda kwa Zingwangwa. Ulendo wa masiku atatu. Palibe wolipidwa. Aliyense ali ndi gawo lake la njira, ndipo Loweruka amakatchetcha udzu ndi chikwakwa, kutola majumbo ndi mabotolo, kukumba tingalande topatutsa madzi amvula, ndi kuika zizindikiro kuti mlendo asasochere. Kamodzi pachaka, kumapeto kwa Sepitembala, onse amayenda njira yonseyo pamodzi ndi alendo. Chimene ankafuna kwa Gregorio ndi zikwangwani za gawo la Ndirande, lomwe linalibe mwini.

Gregorio anati sangalembe chikwangwani asanaone pomwe chikaime. Loweruka lotsatira anakwera. Anapuma kakhumi ndi kamodzi, anatukwana m'Chisena kawiri, ndipo atafika pamwamba anakhala pamwala. Ndirande imene pansi imakupanikiza ndi ngalande, matope ndi mahutala a minibasi, kumwambako inangoti mbee, malata akuwala ngati mbale zotsukidwa. Anafufuza ndi maso mpaka anapeza denga lake. Potsika anauza Doreen kuti gawolo asalifunirenso munthu wina.

M'kalabumo munali Luckson, mphunzitsi wa ku Zingwangwa, mwini gawo la Soche, munthu wa pakamwa poyabwa. Iyeyu ndiye anayamba kuseka.

"Akulu, Ndirande sisungika. Kumeneko ukasiya nsapato pakhomo la tchalitchi umatuluka n'kupeza wina akukugulitsa. Ine ndinanena kalekale, pa ulendo waukulu tizingokwera minibasi ku Chirimba n'kukatsikira ku Machinjiri, phirilo tizilipatsa moni pawindo."

Mawu amenewo anamulowa Gregorio ngati munga wa m'chidendene. Sanabadwire ku Ndirande, koma ana ake onse anabadwira komweko.

Anayamba ndi zikwangwani zamatabwa, khumi ndi ziwiri, zolembedwa bwino mpaka munthu kuchita manyazi kuzidutsa osawerenga. Zinakhala masiku asanu ndi anayi. Nkhuni ku Ndirande n'zodula. Anapanga zachitsulo. Zimenezi zinatha mwezi, kenako anakumana nazo pamsika zitasanduka mbaula, m'mbali mukuwerengekabe kuti NJIRA IYI. Wogulitsayo anamuuza kuti makala ake amayaka bwino kwambiri.

Apa m'pamene anaganiza za miyala. Mwala sauphikira, mwala sausula. Kumeneko anaganiza bwino. Kupusa kunabwera pa kachitidwe.

Anzake, monga Luckson, amangokwera ndi kachitini ka penti wachikasu n'kumapaka kadontho pamwala uliwonse waukulu umene akumana nawo. Gregorio anaziona n'kunena kuti zikuoneka ngati padutsa nkhuku yotsegula m'mimba. Kalabu ndi ya Mapazi Olimba, ndiye chizindikiro chikhale phazi, la zala zisanu, loloza komwe munthu akuyenera kupita. Koma phazi lotero sungalijambule utanjuta pamtsetse, mphepo ikukuwaza fumbi, pathanthwe la tizibowo ngati nkhope ya munthu wodwala nthomba. Choncho ankapita kumtsinje wa Nasolo kukasankha miyala yosalala, yaikulu ngati buledi awiri, n'kubwera nayo kunyumba. Ankaitsuka ndi sopo, kuipaka penti woyera poyamba, ikauma n'kujambula phazi lachikasu, zikhadabo zomwe. Kenako ankainyamula iwiriiwiri m'thumba n'kukwera nayo kuphiri. Miyala makumi asanu ndi limodzi. Anagwira ntchitoyo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo nesi uja atamuyezanso anamufunsa ngati wasintha mankhwala.

Kalabuyo ili ndi mwambo wake woyesera gawo. Kukatsala masabata awiri kuti ulendo waukulu uchitike, komiti imayenda gawo lililonse. Patsogolo amaika munthu amene sanadutsepo njirayo, kuti azitsata zizindikiro yekha. Mwini gawo amayenda kumbuyo kwa onse ataluma kamtengo, kuti asayankhule ngakhale kutsokomola kothandiza. Akalavula kamtengoko gulu lisanafike kumapeto, gawo lalephera.

Chaka chimenecho Gregorio anali atatha masabata atatu osakwera, chifukwa anapeza ntchito yolemba khoma la sukulu ina ku Lunzu. Ndipo masabata amenewo ndiwo anali a mphepo ija ya kumapeto kwa Ogasiti, imene imayenda m'makwalala ikukweza madiresi ndi kugwedeza malata. Iye sanadandaule. Mwala suuluka.

Tsiku loyesa, patsogolo anaika Linda, mtsikana wogwira ntchito ku famase, wa ku Chitawira, amene anali atangolowa kumene kalabu. Gregorio anakana kamtengo, analuma bulashi yake yakale. Njirayo imadutsa kaye kumtunda kwa nyumba zomalizira isanayambe kukwera. Phazi loyamba Linda analipeza, lachiwiri analipeza, Doreen mpaka anajambula ndi foni.

"Bambo Alufazema, izi ndiye zaluso. Zikhadabo zomwe!"

Gregorio anamwetulira momwe angamwetulire munthu woluma bulashi.

Pomwe panayenera kukhala phazi lachitatu panali kadzenje. Pachinayi, kadzenje. Linda anaima n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako anaona chachikasu chikuwala kumunsi, kumbali ya nyumba.

"Ilo! Tiyeni."

Gregorio anaona kuti asochera. Njira inali kumtunda, gulu linkapita kumunsi. Anatsatira, mano ali gwa pabulashi. Phazi lija linali pakhomo la mpanda wa bango. Kutsogolo kwake kunali lina, kenako lina, oyalidwa bwinobwino pamzere, motalikana mwa kuponda kumodzi.

"Apa ndiye mwathithikiza, akulu," anatero Luckson. "Ngakhale wakhungu sangasochere."

Anthu khumi ndi asanu, nsapato zazikulu, ndodo m'manja, zikwama kumsana, analowa pabwalo la eni ake, kudutsa pansi pa chingwe cha zovala, kukhota kuseri kwa khitchini. Mapaziwo anakathera pakanyumba kakang'ono kotchinga ndi chiguduli. Linda anaima. M'katimo munthu anatsokomola.

"Muli anthu!"

Patapita kanthawi chiguduli chinasuntha, ndipo munatuluka bambo wachikulire akumanga lamba, dzina lake Laurenti. Anawerenga alendowo ndi maso.

"Nonsenu? Ndiye muchite kupanga mzere, dzenje lake n'limodzi."

Luckson anakhala pansi akufa ndi phwete. Doreen anapepesa n'kufunsa komwe miyalayo inachokera. Laurenti anati anaipeza kwa mayi Jesinta oswa miyala, ndipo yamuthandiza kwambiri, chifukwa mvula ikagwa pamenepo pamaterera.

"Enawo anatenga yopsinjira malata," anatero, n'kuloza m'mwamba.

Gregorio anakweza maso. Padenga la Laurenti panali mapazi awiri. Padenga la neba, anayi. Kutsogolo, kumunsi, mpaka komwe maso amalekera, mapazi achikasu anali atakhala pamalata, lina kuloza ku Limbe, lina ku Chileka, lina kumwamba. Bulashi inagwa yokha m'kamwa.

Komiti inakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda. Doreen si munthu wankhanza, koma sabisa mawu.

"Bambo Alufazema, pa ulendo waukulu tili ndi alendo makumi awiri, ena achikulire. Sindingawatayitse m'phiri. Loweruka likubwerali tiyesanso. Zikakanika, chaka chino Ndirande tidutsa pa minibasi, ndipo komiti idzaona ngati gawoli libwerere m'njira kapena ayi."

"Ndikudziwa kondakitala wabwino," anatero Luckson.

Gregorio anafika kunyumba ngati munthu wochokera kumaliro. Anafotokozera Mervis zonse, akutukwana akuba a ku Ndirande, anthu osadziwa luso, anthu oti ukawapatsa maluwa amathira mu ndiwo. Mervis ankasankha nyemba m'lichero, osakweza mutu.

"Bambo a Rejoice, lata la kuchipinda lija linkalira usiku uliwonse, mwalimvanso masiku ano?"

"Ayi. Zikukhudzana bwanji?"

"Ndinakuuzani kangati kuti mulikhome?"

Gregorio anatuluka panja, anabwerera chafutambuyo mpaka pamsewu, n'kuyang'ana denga lake. Mapazi awiri, limodzi kuloza kumsika, linalo kutchalitchi.

"Amake Rejoice! Inunso?"

"Ine ndinaona kuti ndi ntchito ya manja anu, ndinati ibwerere kwawo. Komanso lata linasiya kulira."

M'mawa mwake, atachoka ku Misa yoyamba, anakwera kukafuna mayi Jesinta. Anali atakonza mawu ambiri m'njira. Anawapeza kumtunda kwa nyumba zomalizira, pamalo pawo pa ntchito, atakhala pathumba pafupi ndi mulu wa miyala ya kwale. Lamulungu saswa, ankangosoka thumba long'ambika. Ndi mayi wamfupi, wa ku Phalombe, wa mikono ngati ya munthu wopalasa bwato, ndipo waswa miyala m'phirimo zaka zoposa makumi awiri.

"Ndinu mwatenga miyala yanga?"

"Ndinu bambo a mapazi aja? Khalani pansi, mwatopa. Miyala yanu ndi iti? Munaumba?"

"Ndinaitenga ku Nasolo, ndinaipenta, ndinakwera nayo ndekha!"

"Eya. Mwala woti munthu wakwera nawo, munthu atsika nawo. Mphepo itayamba anthu anabwera kwa ine kulira malata. Ine n'kuona miyala yabwinobwino ili mbwee m'njira, yosazika, yosalemba dzina. Poyamba ndinkaopa, ndimati n'zamankhwala. Nditaona zikhadabo ndinati ayi, mfiti ilibe nthawi yotere."

Mawu onse amene Gregorio anakonza anathawa. Anafotokoza za kalabu, za njira ya masiku atatu, za Loweruka, za minibasi ya Luckson. Pa minibasipo mayi Jesinta anasiya kusoka.

"Akuti phiri lino alidutse pawindo? Wa kuti ameneyo?"

"Wa ku Zingwangwa."

"Ku Soche kuja kuli phiri? Si chulu chonenepa chija?" Anaika singano pambali. "Tamverani, bambo. Kukatenga miyala ija m'madenga musayerekeze, akuswani. Kubweretsa ina, itsikanso. Mupente pa miyala yokana."

"Yokana chiyani?"

"Yokana ife. Muno muli miyala ina taiwotcha ndi matayala, taithira madzi, taimenya ndi hamala yaikulu amuna anayi, koma osang'aluka. Tinaisiya. Imeneyo idzakhalapo inu ndi ine titapita. Koma simungaidziwe ndi maso a pentiwo. Mukapenta pa wofewa, mwezi wamawa phazi lanu likhala mu fawundeshoni ya munthu ku Nyambadwe."

Gregorio anafunsa kuti awathokoze ndi chiyani akamuonetsa miyalayo. Mayi Jesinta anaganiza pang'ono.

"Zaka zonsezi ndimaona anthu a zikwama akudutsa, ndimati akusamuka. Mwati njirayi imakathera kwina? Ine chibwerere mu Blantyre muno ndimadziwa phiri lino, msika ndi chipatala. Mudzanditenge ndikaone komwe imayambira ndi komwe imathera. Ndi mapazi, osati pawindo."

"Ndidzakutengani."

"Mwanena pa Lamulungu."

"Ndanena pa Lamulungu."

Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ankakwera awiriwo m'mamawa, mayi Jesinta patsogolo ndi kahamala kakang'ono, Gregorio pambuyo ndi chitini ndi mabulashi. Akaona thanthwe losalala bwino, loyang'ana njira, Gregorio ankaima n'kuloza.

"Apa, mayi! Apa phazi likhala ngati la pachithunzi."

Mayi Jesinta ankagogoda ndi kahamala, n'kutchera khutu.

"Uwu ndi wa ine wa mu Novembala. Tiyeni."

Miyala yokana inali yoipa yonse. Yakuda ndi utsi wa matayala, yamabowo, yotupa malo ena, ina yopendekera moti munthu ankachita kugona chammbali kuti afikire. Penti ankalowa m'ming'alu n'kumayenderera. Tsitsi la bulashi linkatha ngati mutu wa nkhalamba. Phazi loyamba limene anajambula linatuluka ndi zala zitatu ndi chotupa. Gregorio anatenga chiguduli kuti afufute.

"Mukutani?"

"Silili bwino."

"Likuloza kuti?"

"Kumtunda."

"Njira ikupita kuti?"

"Kumtunda."

"Ndiye vuto lili pati? Tatsala ndi miyala makumi anayi, dzuwa silikudikirani. Anthu anuwo akufuna njira kapena akufuna kukwatira phazilo?"

Gregorio analisiya. Ndinamuona madzulo a tsiku limenelo atakhala pakhonde, akuyang'ana manja ake ngati amulakwira. Munthu amene sanasiyepo chilembo chokhota m'moyo wake anali atasiya mapazi asanu ndi anayi opunduka m'phiri, poti aliyense awaone. Koma m'mawa anadzukanso n'kukwera. Malo ena njira anaisuntha pang'ono kuti idutse pafupi ndi mwala wokana, n'kutchetcha udzu watsopano, n'kukumba kangalande. Pamunda wina wa chinangwa panalibe mwala ngakhale umodzi, ndipo mayi Jesinta anakambirana ndi mwini kanyumba ka mapemphero komweko mpaka analola kuti phazi lijambulidwe pakhoma lakumbuyo, bola lisaloze kuguwa.

Loweruka linafika. Komiti inasonkhana poyambira gawo, koma panabuka vuto: onse amene anabwera anali atayendapo kale njira ya Ndirande, ngakhale Linda, chifukwa tsiku la chimbudzi lija Doreen anawakweza ndithu mpaka pamwamba. Panafunika munthu wosaidziwa. Luckson anaona Mervis, amene anangoperekeza mwamuna wake ndi botolo la thobwa.

"Alamu, inu munakwerapo?"

"Ine? Ndikatengeko chiyani?"

"Basi, tapeza. Atitsogolere alamuwa. Akasochera, nkhani ikathere kunyumba."

Doreen anafunsa ngati si kukondera. Mervis anamanga chitenje mwamphamvu.

"Kukondera? Amayi, munthu uyu wandidyetsa fungo la penti miyezi inayi. Ndikapanda kuona phazi ndibwerera pomwepo, ndipo ndinena mokweza."

Gregorio analuma bulashi. Ananyamuka.

Mervis ankayenda pang'onopang'ono, atavala nsapato zake za ku kwaya, akuyankhula ndi phazi lililonse. Loyamba anati likuoneka ngati laponda moto. Lachiwiri anati mwini wake apite kuchipatala. Koma ankalipeza, n'kupita komwe laloza, ndipo gulu linkatsatira. Anadutsa munda wa chinangwa, anadutsa kanyumba ka mapemphero. Mayi Jesinta anali atasiya hamala n'kumatsatira chapatali, manja kumbuyo, ngati kapitawo.

Chakumtunda kuli mphambano. Njira yakumanzere ndi yotakata, yopondedwa kwambiri, chifukwa ndi imene amadutsa opita kukapemphera kuphanga, ndipo imathera pamenepo, pamwamba pa phompho. Yakumanja ndi yaing'ono, yolowa m'matanthwe, ndiyo ya kalabu. Pakati pake pali mwala wokana woipitsitsa m'phiri lonse, wakuda, wokhakhala ngati msana wa ng'ona. Gregorio anaujambula Lachisanu dzuwa litatentha, penti atatsala wa pansi pa chitini.

Mervis anaima. Anayang'ana. Anapendeketsa mutu.

"Ichi ndi phazi kapena chinangwa?"

Palibe anayankha, mwambo suloleza. Luckson anayamba kuimba mluzu wa kondakitala chapansipansi, Doreen n'kumuyang'ana mpaka anasiya. Mervis anaponda kawiri kulowera kumanzere, kunjira yotakata. Gregorio anamva bulashi ikulira pakati pa mano. Malovu anadzaza m'kamwa, khosi linkafuna kutsokomola. Anatseka maso.

Mervis anabwerera. Anawerama, n'kuika chala pa chotupa china kumbali ya chojambulacho.

"Iyayi. Phazi ili ndikulidziwa. Chala chachikulu chokhota chonchi, chothawa anzake, ndachapira masokosi ake zaka makumi atatu. Uku ndi kuzala, uku ndi kuchidendene. Tiyeni kumanja."

Analowa m'matanthwe. Gulu linaseka mpaka akhwangwala anauluka, ndipo Gregorio anatsatira kumbuyo, misozi ikutsika, osadziwika ngati ndi ya chimwemwe kapena ya nsagwada.

Atafika pamwamba Doreen anamuchotsa yekha bulashi m'kamwa. Inali itathyoka pakati.

"Gawo ladutsa, bambo Alufazema. Ndirande ikhala m'njira."

Luckson anabwera n'kumugwira chanza. "Akulu, ndavomera. Koma kunena zoona, madontho anga a nkhuku aja ndi okongola kuposa izi."

"Bwerani mudzawapake kuno," anayankha mayi Jesinta, amene anali atafika n'kukhala pamwala. "Ndikuonetsani pofewa."

Mervis sanamve zonsezo. Anali ataima payekha akuyang'ana kumunsi, akufufuza denga lake. Atalipeza anati mapazi awiri aja akuoneka ngakhale kuchokera kuno, ndipo asawachotse.

Ulendo waukulu unachitika sabata yotsatira, ndipo palibe mlendo anasochera pa Ndirande. Kuyambira pamenepo zaka zitatu zadutsa. Gregorio akadali mwini gawolo. Loweruka lililonse amakwera ndi chikwakwa ndi thumba la zinyalala, ndipo chaka chilichonse mvula ikatha amakadzoza penti watsopano pa mapazi opunduka aja, osawawongola, chifukwa akuti anthu anawazolowera. Zikwangwani za m'tauni akulembabe mowongoka ngati kale, ndipo akufufutabe chilembo chikapendekera. Miyala ya ku Nasolo ija ikadali pamadenga. Anthu a kumtunda kwa Makata akamalozera mlendo nyumba amati, "Mukaona denga la mapazi atatu, mukhote."

Za mayi Jesinta ndinene zoona zake. Chaka choyamba Gregorio anazengereza, ankati ntchito yachuluka. Mayiwo sanamukumbutse ndi pakamwa, ankangoti akamadutsa ndi chikwakwa chake, iwo n'kumenya hamala kamodzi mwamphamvu, n'kumuyang'ana. Chaka chachiwiri anawatenga. Anakwera minibasi mpaka ku Chilomoni, mayiwo atabwereka nsapato za ku kwaya za Mervis, n'kuyenda tsiku loyamba lonse, kuchokera ku Michiru mpaka ku Ndirande, n'kusiya kotsalako kuti adzayende ulendo wina. Akuti njira yonse ankagogoda miyala ya eni ake ndi kahamala, n'kumanena kuti anthu a ku Chilomoni akugonera chuma. Komwe njira imayambira anakuona.

Komwe imathera sanakuonebe. Kwatsala masiku awiri: Ndirande mpaka Bangwe kudzera ku Machinjiri, Bangwe mpaka Soche. Chaka chatha bondo la mayi Jesinta linatupa, ndipo Gregorio anawauza kuti angathe kukwera galimoto mpaka ku Zingwangwa n'kungokwera Soche yekhayo. Anakana. Anati anagwirizana za mapazi, osati za pawindo, ndipo bondo likaphwa adzamuitana. Bondolo linaphwa mwezi wathawu. Gregorio wawauza kuti mvula ikangotha, udzu ukatchetchedwa, anyamuka Lachisanu m'mawa. Ananena pa Lamulungu, ndipo masiku awiriwo akadali pamutu pake.